Zikwatu Zitatu Zonunkha Fodya

Ndikukumbukira mwezi wa Malichi wina kwathu ku Kaomba, ndili mu Sitandade 4. Nyengo imeneyo pakhomo pathu nkhani inkangokhala fodya, kuthyola ndi kusoka, manja onse bii ndi utomoni. Koma mayi, atope bwanji, sankalola nkhwani kukalambira m'munda. Ankaufutsa, kuuyanika pamphasa, ukauma n'kuukulunga m'masamba a msuku. Zikwatu zimenezo ndizo zinali ndiwo zathu mu Okutobala, kunja kukauma gwa.

Tsiku lina mayi anapita kumaliro ku Lukwa, n'kundisiyira mphasa ziwiri za mfutso padzuwa. Ine ndinatanganidwa ndi phada kuseri kwa nyumba, mpaka dontho loyamba linandigwera pakhosi. Ndinathamanga, ndipo denga lapafupi linali chigafa, momwe bambo ankaumitsira fodya. Ndinakokera mphasa zija pansi pa fodya wolendewera, n'kudzitama mumtima kuti mwana wanzeru ndine. Mvula inachita mvumbi masiku atatu, mfutso uli momwemo, ukumwa fungo, tizinyenyeswa ta fodya tikuyoyokeramo.

Mayi atabwera anatapa pang'ono, n'kununkhiza. Ndinayembekezera kabango, koma anangondiyang'ana, n'kukatenga lichero. Anapeta, anayanikanso, anakulunga zikwatu zitatu, n'kuzimangirira kansanza kofiira kuti zisiyane ndi zinzake. Ine nkhaniyo ndinaiwala msanga, monga achitira ana.

Itafika Okutobala ndinaona kuti pamoto pakumakhala miphika iwiri ya ndiwo. Waukulu unali wa bambo ndi anafe, kakang'ono kanali ka mayi okha. Mtima wanga wadyera unati m'kamphikamo muli zokoma zomwe akutimana. Mayi atapita kumjigo ndinavundukula, n'kunyambita chala. Amayi ine! Kuwawa kwake kunakwera mpaka kumphuno, ngakhale anathiramo nsinjiro zambiri. Ndikulavula, maso anagwera pa kansanza kofiira kali pambali pa fuwa.

Atabwera ndinawafunsa misozi ili m'maso, "Amayi, bwanji osangotaya?"

"Nditaye, Disembala mudzadyere chiyani?" anandiyankha akutula ndowa. "Ndawiritsa kawiri, madzi ake ndataya. Ine lilime langa n'lokalamba, silimva."

Linkamva ndithu. Ndinkawaona akumeza nthongo iliyonse ndi madzi. Anadya zikwatu zitatu zonsezo okha, ndipo zabwino zija zinatifikitsa mpaka nkhwani watsopano ataphuka. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimachita manyazi, chifundo n'kundigwiranso.

Pano ndimakhala pa Santhe, m'nyumba muli firiji, msika uli pafupi. Masamba timagula ochuluka poti atchipa, magetsi akazima afota, basi kudzala. Sabata yatha ndinapeza mwana wanga Tadala akupita kudzala ndi mpukutu wathunthu wa nkhwani, akuti wafota. Sindinamukalipire, poti anaonera ine. Ndinamulanda, tinasadzula limodzi, tinafutsa, n'kuyanika palichero. Iye ankangoseka kuti zimenezi n'zachikale.

Madzulo kunachita mitambo, ndipo Tadala anandifunsa kuti lichero lija alilowetse kuti. Ndinati paliponse, mwanawe, kuno kulibe chigafa. Koma mayi, amene akanaseka nane nkhaniyi, tinawaika m'manda chaka chatha, ndipo sindinawauzepo kuti zikomo.