Kutsukuluza Katatu

Ku labotale ya pansanjika yachiwiri amawatchula Mayi Katatu, chifukwa botolo lililonse amalitsukuluza katatu: kawiri ndi madzi a pampopi, kachitatu ndi madzi osefa. Zaka khumi ndi zinayi ali pa sinki yomweyo, zala zinachita kutuwa. M'chipindamo akatswiri amaviika masamba ndi makungwa, n'kumadontheza madzi ake pa timaselo ta khansa ya pakhungu tosungidwa m'timbale, kuti aone ngati tingafe.

Amuna awo ndi okhoma madenga, a khungu lachialubino. Dzuwa la pamalata linawasiyira chilonda pakhutu, chosapola chaka chathunthu. Kuchipatala anawapatsa tsiku loti akadule, koma bambowo mpeni ankauopa.

"Khutu likapita, pensulo ndizipachika pati?" ankatero.

M'mawa wina Dokotala, mkulu wa labotaleyo, anasuzumira pamakina n'kufuula: "Botolo nambala naini! Tafa tonse!"

Mayi Katatu anataya siponji, maso kuchitseko.

"Ayi mayi, si ife! Ndikunena timaselo!"

Anthu anaseka. Mayiwo anasekanso, koma mtima unali pakhutu lija. Botololo litafika pa sinki, anathira zotsalira zake m'kabotolo ka mafuta odzola n'kubisa m'chikwama. Kunyumba ankapaka bambowo m'mawa ndi madzulo. Tsiku lakuchipatala linafika, linadutsa, palibe analitchula.

"Mwaona, mayi a ana? Za mipeni n'zachikale," anatero bambowo.

Patapita masabata atatu, Dokotala anabwereza kuyesa ndi masamba omwewo, koma m'mabotolo atsopano. Sikanafe kaselo n'kamodzi komwe. Anabwera pa sinki akukanda mutu.

"Mayi, botolo lija tisanaligwiritse ntchito, munalitsuka bwanji?"

Anakumbukira. Tsiku limenelo mpopi unauma, ndiye anatsukuluza kamodzi kokha ndi madzi otsala m'ndowa. Akanatha kunena kuti katatu, ndipo ndani akanawatsutsa ndi dzina limenelo?

"Kamodzi, adokotala."

"Ndiye anapha ndi sopo wanu!" Dokotala anaseka chokhumudwa. "Musade nkhawa. M'mbale zinthu zambiri zimapha. Kuti zifike pa munthu ndi ulendo wa zaka, mwinanso osafika."

Mayiwo sanaseke. Anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kutulutsa kabotolo kaja.

"Ndakhala ndikupaka bambo kunyumba."

Kuseka kunathera pomwepo.

"Kuchipatala apita liti?"

"Tsiku linadutsa."

"Vulani epuloni, mayi. Mabotolo adikira, chilondacho sichidikira."

Anawapeza bambowo pamwamba pa nyumba yosatha, chipewa chitapendekera kubisa khutu. Kuchokera pansi pomwe ankaona kuti chilonda chatulukira kunja kwa bandeji.

"Tsikani, bambo."

"Atsala malata awiri okha!"

"Mankhwala aja anali sopo. Ndakuchedwetsani ndine. Tsikani, pensuloyo muzipachika kukhutu linalo."

Bambowo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika hamala pamalata, n'kuyamba kufufuza makwerero ndi phazi. Mayi Katatu anagwira makwererowo ndi manja onse awiri.