Khomo Limene a Mailosi Anatseka

A Mailosi Chapola a ku Chileka ntchito yawo ndi yokhoma zidebe, koma ku Lirangwe ankadziwika ndi chimkuzamawu. Tsiku la msika lililonse ankapalasa njinga mtunda wonsewo, Baibulo m'jumbo, kukaima kuseri kwa chigayo kumene anyamata amasutirako chamba. Zaka zisanu ndi ziwiri, kaya dzuwa kaya mvula. Iwonso anasutapo pa unyamata wawo, ndipo sankabisa. "Ine ndinali galu ngati inu nomwe, Yesu ananditola m'ngalande. Bwerani, khomo ndi lotsegula!" Kunyengerera kwake kumeneko? Kaya. Anyamatawo ankangoseka, ena n'kumavinira kolasi imene bamboyo ankaibwereza mpaka mawu kusasa.

Mmodzi yekha sankaseka. Anali Zakeyo, wonyamula katundu pamsika, mwana wa mai Leah amene amasesa m'tchalitchi cha a Mailosi. Iye ankakhala pa tayala lakutha, maso ali psuu, kumvetsera mpaka amalize.

Lamulungu lina mwezi wa Okutobala a Mailosi anali pakhomo la tchalitchi kulandira anthu, paja ndi mkulu wa mpingo. Kunabwera alendo a m'tauni, galimoto zili ndondondo panja. Nyimbo yoyamba itayambika, anthu onse atalowa, a Mailosi anangoona Zakeyo uyo, wayenda wapansi kuchokera ku Lirangwe, fumbi lofika m'mawondo, malaya akununkha utsi.

"Ndabwera, bambo. Paja munati khomo ndi lotsegula."

A Mailosi anacheukira alendo aja, manyazi n'kuwagwira. "Lero ayi, mwana wanga. Kasambe, uchape malayawo, ubwere sabata yamawa."

Zakeyo anasuzumira m'kati kamodzi, n'kubwerera. Palibe wina anaona.

Lachinayi anamupeza ali gone kuseri kwa chigayo kuja, atauma kale. Ena ankati mapiritsi osakaniza ndi kachasu, ena ankati chifuwa.

Tsono mpingo wawowo uli ndi lamulo lake. Munthu akafera kunja kwa mpingo, maliro ake saimbira nyimbo ndipo abusa satsegula Baibulo, pokhapokha wina achitire umboni kuti malemuyo anaonetsa mtima wobwerera. Mai Leah anatuluka m'siwa n'kukagwada pamaso pa akulu a mpingo pansi pa mtengo wa mango.

"Sindikupempha zambiri, abusa. Nyimbo imodzi yokha. Mwana wanga asapite ngati mbuzi."

Abusa anatembenukira a Mailosi. "Inu ndi amene mumakumana nawo anyamatawa. Kodi Zakeyo anaonetsapo chizindikiro?"

Mawu anali pakamwa penipeni: anabwera, ndinamubweza ndine. Koma kunena zimenezo pamaso pa anthu amene ankawatama kuti ndi msodzi wa anthu? A Mailosi anayankha maso ali pa nsapato zawo.

"Ayi, abusa. Ndinayesetsa, koma anaumitsa mtima."

Abale inu, munthu ndi woopsa! Mai Leah anadzuka, kusasa fumbi pachitenje, n'kubwerera m'siwa.

Ulendo wa kumanda unayamba uli zii, kumangomveka mapazi ndi kusisima. Amayi a mpingo ankayenda kumbuyo atavala zitenje wamba, yunifolomu atasiya kunyumba. Bokosi ananyamula ndi anzake a Zakeyo a ku Lirangwe, milomo yakuda, ena akudzandira. Atafika pakati pa njira, mmodzi anayambitsa ndi mawu osasa kolasi ija ya pachigayo. Anzake anailandira. Anaiimba mokhotakhota, koma mawu onse ankawadziwa, ndipo panalibe wovina kapena woseka. Abusa anangoweramitsa mutu.

Atakwirira, mai Leah anafunafuna a Mailosi m'chigulu cha anthu n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Zikomo, a Mailosi. Nyimbo ija munawaphunzitsa ndinu. Pakanapanda inu mwana wanga akanapita chete. Mulungu akudalitseni."



Ku Lirangwe a Mailosi sanapitekonso, amati njinga inatha matayala. Chimkuzamawu chili pa msomali m'shedi yokhomera zidebe. Pakhomo la tchalitchi amaimabe Lamulungu lililonse, ndipo mai Leah akamadutsa ndi tsache lawo, amawapindira mawondo n'kuwapatsa moni.