Dzina la Bambo Anga pa Foni

Mbuzi inali itaphedwa kale pamene mwana wanga wamwamuna anandikokera kuseri kwa nyumba yake ku Mufakose, kuno kudziko la Ashona, n'kundionetsa foni. Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chibadwire mdzukulu wanga, tsiku lomumeta tsitsi ndi kumutcha dzina. Kubanja kwathu amatcha dzina ndi agogo aamuna, monong'oneza m'khutu la khanda pamaso pa shehe. Ine ndinali nditasankha dzina la malemu bambo anga.

Pafonipo panali nkhope ya munthu wadziko lina. Mwana wangayo anati ameneyo ndi mmodzi wa aja analanda ndege ku Amereka n'kupha anthu ambirimbiri, ndipo dzina lake ndi lomwelo. Anati ukangolilemba pafoni, chimayamba kutuluka ndi chigawengacho. Anati mwanayu akadzakula adzafuna ntchito kunja, ndiye azidzamuimika pa bodala iliyonse. Zonsezi ankanena m'Chishona, mothamanga, ngati akukangana ndi kondakitala wa minibasi zija timati kombi kuno.

Ndinamufunsa ngati akudziwa tanthauzo la dzinalo. Sankadziwa. Ndi la Chiarabu, limatanthauza kuonjezereka. Bambo anga anawatcha choncho chifukwa anabadwa ana atatu atatsogola kumanda. Anayenda wapansi kuchokera kwawo ku Machinga mpaka kudziko la eni kuno, anasesa misewu ya ku Mbare mpaka msana unapindika. Mzungu wawo anawapatsa dzina lina, ati lawolo limapweteka lilime. Eni dziko ankatinyoza kuti mabwidi. Dzina lawo lenileni linkamveka m'nyumba ndi kumzikiti basi, koma sanalitaye. Sanaphepo munthu. Ndege ankangoionera m'mwamba.

"Chigawenga chakocho chinabadwa bambo anga ali ndi imvi," ndinamuuza. "Anayamba ndani kukhala nalo?"

Anayang'ana pansi. Kenako anaulula kuti iye ndi mkazi wake analembetsa kale dzina lina pakadi ya kuchipatala. Analitchula. Lachingelezi, losalala, lopanda mwini.

Ndiye mbuzi ija inafera chiyani? Anandiitanira chiyani kuchoka ku Epworth, makombi awiri, ngati zonse anamaliza ndi nesi?

"Baba, mungonong'oneza latsopanoli," anatero. "Anthu asadziwe kuti tasiyana mawu."

Tinalowa m'nyumba. Shehe anali atakhala pamkeka, abale atadzaza mpaka pakhomo. Mpongozi wanga anagwada n'kundipatsa khanda, maso ali kumbali. Ndinalinyamula. Linali lopepuka, kakhutu kake kakang'ono ngati tsamba la nyemba. Onse ankadikira.

La bambo anga ndikanalinong'oneza, likanathera m'chipindamo, palibe akanamuitana nalo. Linalo silikanatuluka pakamwa panga.

Ndinabwezera mwanayo m'manja mwa mayi wake. Ndinadutsa pakati pa anthu, ndinavala nsapato zanga pakhomo. Mkazi wanga ananditsatira mpaka pageti, akundiitana chapansipansi. Ine ndinalowera kokwerera makombi.