Zaka Zinayi za Davison

Ku Chiwalo amati Davison anathawa usilikali atangomva kulira kwa mfuti. Bodza limenelo, abale. Mfutiyo sanaione n'komwe.

Mnyamatayu anakonzekera chaka chathunthu, kuthamanga m'mawa uliwonse mpaka agalu anatopa kumuuwa. Koma tsiku lolemba asilikali ku boma anayamba n'kuona zitupa. Pajatu polembetsa chitupa, amalume ake anamuwonjezera zaka zinayi kuti azigula nawo feteleza wotchipa. Msilikali anangoti, "Madala, mwakula. Kazipitani."

Pano amapalasa kabaza, chitupa chikunka chikalamba m'thumba, ndipo kuthamanga analeka. Mukamufunsa za mphekeserayo, amayankha osakuyang'anani: "Kuthawa kuti? Ndi pageti pomwe sanandilowetse."