Daku la azakhali pa tsiku la opaleshoni

Tidanyamuka pa Ntaja 6 koloko m'mawa, ine ndi azakhali anga, Abiti Saidi, kupita kuchipatala china ku Balaka. Azakhali anali ndi chotupa m'chiberekero chimene chinkawatayitsa magazi mpaka kulephera kugwira khasu. Dokotala wa opaleshoni amabwerako mwa apo ndi apo, ndipo wophonya tsiku lake amadikira miyezi. Lamulo lidali limodzi: asadye kanthu.

Minibasi ya ku Liwonde inali K5,000 munthu mmodzi. Tidakhala anayi pampando wa atatu, dengu la matemba a ku Chiuta lili pamapazi pathu. Pa Nsanama mayi wina adagula zitumbuwa nkuwapatsako azakhali.

"Iyayi, amayi, ndafunga," adakana azakhali.

"Mwezi wosala kudya ndi uno?" adadabwa mayiyo.

"Yanga ndi ya adokotala."

Ine ndidanyadira kuti ndatenga wodwala womvera.

Pa Liwonde tidafika cha m'ma 8. Makondakitala atatu adalimbirana chikwama chathu, aliyense akulumbira kuti yake ndi yonyamuka pompano. Tidatsatira chikwamacho, nkulipira K3,000 aliyense. Titawoloka Shire pa baraji ndidamva kondakitala akuitanira "Ulongwe, Mangochi!" Tidazindikira kuti takwera yolakwika, ndipo tidatsikira pamphambano nkudikira ya ku Balaka.

Kuchipatala tidafika 10 koloko itadutsa. Namwino adawayeza azakhali, kenako nkufunsa kuti adadya liti komaliza.

"Daku basi," adayankha.

Daku ndi chakudya chimene Asilamu amadya m'bandakucha asanayambe kusala. Namwino adasiya kulemba.

"Mwadya chiyani, mayi?"

"Mpunga pang'ono, nyemba, mbatata ziwiri ndi tiyi. Munthu angafunge m'mimba mulibe kanthu?"

"Tidati kuyambira pakati pa usiku!"

"Mudati ndisale. Ine ndidayamba kusala inu musanabadwe, mwanawe."

Namwino adayang'ana ine. Ine ndidayang'ana pansi, poti nthawi ya dakuyo ndinali m'tulo. Namwinoyo adatifotokozera kuti munthu wokhuta akagonekedwa ndi mankhwala akhoza kusanza, masanziwo nkulowa m'mapapo. Azakhali adafunsa kuti chiberekero chikugwirizana bwanji ndi mapapo. Ine ndidafunsa ngati tibwerere kwathu. Namwino adati tisapite, wina wokankha odwala adati tipite, ndipo mlonda adatilozera kolandirira mankhwala.

Masana dokotala adatuluka yekha. Adawerengera maola pazala kuchokera m'bandakucha, nkunena kuti azakhali akhala omaliza, ngati nthawi ilola komanso magetsi akapanda kuzima. Tidakhala pabenchi kuonerera anzathu akulowa mmodzimmodzi. Azakhali adasiya nthabwala. Adangondinong'oneza kuti, "Akandibweza, dzinja lino munda ugonanso."

Adawaitana 3 koloko itakwana. Patapita nthawi namwino uja adatuluka nkundiuza kuti chotupa achotsa, zonse zayenda bwino. Paulendowu ndidaphunzira kuti lamulo la kuchipatala likafika kumudzi limapezako malamulo ena, ndipo woperekeza wodwala ayenera kufunsa ola lenileni.

Madzulo adandilola kulowa m'wodi. Azakhali adatsegula maso, nkuyang'ana pawindo pamene dzuwa linkalowa.

"Lalowa," adatero ndi mawu otsika. "Kandigulire tiyi ndifuturu, nthawi yomasula kusala yakwana."

"Mpaka mawa, mayi," adatero namwino.

Azakhali adatembenukira kwa ine. "Kodi anthu awa ndi a chipembedzo chanji?"