Bulaki ndi Chitseko cha a Che Saidi

Nyumba yathu ya ku Eriya 14 inkanunkha simenti ndi penti. Tinalowamo m'chilimwe, chaka chimene ofesi ya bambo inasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ine ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Ulendo wonsewo ndinakhala pa matiresi m'lole ya katundu, nditakumbatira Bulaki, galu wathu wakuda wa khutu limodzi logwa.

Ku Zomba aliyense ankamudziwa Bulaki. Kuno kunalibe womudziwa. Kunalibe mpanda, ngakhale mtengo wa mthunzi, koma fumbi lofiira, zitsa, ndi nyumba zomwe zinali zikumangidwabe. Agalu a ku Eriya 10 ankauwa ali kuseri kwa mipanda yawo, pamene wathu ankangoyenda paliponse. Ankakonda kukagona pa nyumba yatsopano kuseri kwathu, kumene a Che Saidi, kalipentala wachisilamu wochokera ku Old Town, ankaika zitseko. Bambo ameneyu ndinkamuopa. Akangoona Bulaki ankagwira thabwa n'kukuwa: "Mwana iwe, chotsa chigalu chakochi!"

Tsiku lina kunadutsa galimoto ya chimkuzamawu. Inalengeza kuti kwagwa chiwewe, agalu onse amangidwe, ndipo wopezeka akuyendayenda aomberedwa. Bambo anagula chingwe cha khonje n'kumumangirira Bulaki ku paipi ya madzi. Iye sanamangidwepo chibadwire. Ankalira, ankakumba dothi, khosi linasupuka.

Masiku amenewo ndinaphunzira kumvetsera. M'mawa uliwonse mfuti inkalira chapatali, kamodzi, nthawi zina kawiri, kenako zii. M'kalasi ndinkangotchera khutu kunja. Ndikaweruka ndinkathamanga njira yonse mpaka nditaona mchira wake.

Loweruka lina, bambo atapita kuntchito ndipo mayi ali kumsika, ndinatuluka ndi mbale ya makombo. Ndinapeza chingwe chokha, chotafunidwa. Nthawi yomweyo ndinamva injini. Galimoto yobiriwira inkabwera pang'onopang'ono mumsewu wathu, kumbuyo kutaima munthu wa mfuti. Pafupi ndi mapazi ake panali lona, ndipo m'mphepete mwa lonayo munkalendewera mwendo wa galu wofiirira.

Ndinafuna kuitana Bulaki, koma ndinaopa kuti akamva atulukira poyera. Ndinathamangira kuseri, minga ikundibaya, ndikunong'ona dzina lake. Ndinakafika pa nyumba yatsopano ija galimotoyo ikuimanso pomwepo. A Che Saidi anali pakhonde, atatsamira chitseko cha chipinda chosungiramo zida, akupala thabwa ndi mpeni.

"Akulu, mwaonako galu wakuda kuno?" anafunsa wa mfutiyo.

"Ine ndi agalu, bwana? Funsani mwanayu mmene ndimawathamangitsira."

Pansi pa chitsekocho ndinaona kamphuno kakuda kakununkhiza. A Che Saidi anasuntha phazi n'kutseka mpatawo. Kenako anayamba kukhoma msomali mwamphamvu pa thabwa lopanda ntchito, osaleka, mpaka galimotoyo inakhota.

Atatsekula, Bulaki anawalumphira n'kuwanyambita dzanja ndi buluku. Iwo anabwerera m'mbuyo nkhope itachita tsinya. "Uuze bambo ako agule tcheni," anatero. Ndikumukoka galuyo, ndinawaona atanjuta pa mgolo wa madzi, akutsuka dzanja lija ndi dothi, kutsukuluza, kutsukanso, kambirimbiri.

Bulaki anakhala pa tcheni mpaka mvula itagwa, ndipo anafa ndi ukalamba patapita zaka. Ine nthawi yonseyo ndinkauza anzanga kuti a Che Saidi ankamukonda mobisa. Ndinazindikira nditakula kuti sanamukondepo ngakhale tsiku limodzi. Kwa iwo malovu a galu anali chodetsa, ndipo anamugwira ndi manja awo kumulowetsa m'chipindamo chifukwa cha ine mwana wa eni, amene iwo sankandidziwa n'dzina lomwe.