Makutu Obwereka

Kuntchito yocheka matabwa ankamutcha Mabatani, chifukwa ngakhale pa nthawi yopuma zala zake zinkangopotokola zinthu zosaoneka m'malere. Kunyumba anali ndi sinthesaiza yakale yoimbira nyimbo, yolemera ngati chitseko, imene anagula kwa oimba ena gulu lawo litapasuka. Inkakhala kuchipinda, pa tebulo lositira, itafunditsidwa nsalu.

M'makinamo munali chuma chake: mawu otsogolera nyimbo za transi, zija zinkagwedeza maholo iye ali mnyamata. Anali mawu akuthwa, owala, okwera pamwamba pa ng'oma mpaka munthu kuchita tsemwe. Anawapanga yekha kalekale n'kuwasunga m'menemo. Koma kabatire ka m'kati kanafa mwakachetechete, ndipo tsiku lina atayatsa anapeza zonse zafufutika.

Kukanakhala kale, akanangoseka n'kuyambiranso. Koma macheka a kuntchito anali atamudya makutu. Lamanzere linali litatsekeka, lamanja linkangolira ngati nyenje. Dokotala anamuuza mosapsatira kuti mawu okwera ndi amene amayamba kuthawa, ndipo sabwerera. Mawu akewo ankakhala kumtunda komweko.

Lamlungu masana anavundukula makinawo. Anasankha funde la mawu lija oimba amati la mano a macheka, nalisanjikiza kangapo, kenako n'kumasiyanitsa mafundewo pang'onopang'ono kuti asagwirizane kwenikweni, pakuti kukoma kwake kumachokera pa kukangana kumeneko. Ukasiyanitsa mochepa, mawu amauma ngati hutala. Ukapitiriza, amamveka ngati kwaya ya zidakwa. Malire ake amadziwa ndi khutu basi. Anakweza voliyumu mpaka aneba anamenya khoma, koma iye ankangomva phokoso la mbuu.

Mkazi wake analowa manja ali thovu lokhalokha.

"Bambo a ana, mukufuna atisamutse?"

"Tandibwerekani makutu anu," anatero Mabatani.

"Ine ndidziwa chiyani za mabatani anuwo?"

"Munavina nawo mawu amenewa mpaka nsapato kuthyoka chidendene. Mwaiwala?"

Mayiyo anapukuta manja, nakhala pa bedi. Mabatani ankadina, kupotokola, n'kuyang'ana milomo ya mkazi wake.

"Udzudzu umenewo," anatero mayiyo.

Anapotokolanso.

"Tsopano mavu. Ayi, mwapitiriza. Bwererani."

Anabwerera. Anatsegula fyuluta, ija imatsekereza mawu okwera, nawonjezera eko kuti mawu azithamangitsana. Thukuta linkagwera pa makiyi. Mayiyo ankangoti "pang'ono", "ayi", "kaya", mpaka Mabatani anamenya tebulo.

"Nenani zomveka! Kaya n'chiyani?"

"Musandikalipire. Si ine ndinakugonthetsani."

Mabatani anatsamiritsa chipumi pa makinawo.

"Mwezi watha ndinkamva ketulo ikamalira. Pano sindiimva. Ndikalephera lero, mawa ndiye zatheratu."

Mayiyo anangosendera pafupi, natseka maso. Zochapa zinatsala m'beseni, dzuwa n'kupendeka, iwo akadali pomwepo: kupotokola, kumvetsera, kupukusa mutu. Kenako mwadzidzidzi anamugwira dzanja mwamuna wake.

"Basi. Musakhudzenso kanthu. Imbani."

Mabatani anaimba kanyimbo kamene ankavina kalelo, zala zikupeza zokha njira. Mkazi wake anaimirira, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Mabatani ankamva mawu akunsi okha, ngati wailesi ikulira kwa aneba chitseko chili chotseka. Kuwala kuja ankakusaka kunalibe.

"Ndi amenewo?" anafunsa.

"Ndi amenewo."

"Simukungondimvera chisoni?"

"Ndati ndi amenewo, bambo a ana."

Anamuyang'anitsitsa kumaso, kufunafuna bodza. Sanalipeze, koma sanapezenso chomutsimikizira. Anadina batani losungira.

M'mawa mwake anapempha kapitawo kuti amusamutsire kosanja matabwa, kutali ndi macheka. Kapitawoyo anati aona, ndipo mpaka lero akuonabe. Mabatani amatseka makutu ndi thonje n'kumakankha matabwa monga kale. Sinthesaiza ija amaiyatsa mkazi wake akakhalapo basi. Akachokapo, ngakhale kungopita pampopi, amasiya kuimba n'kudikira.